Manos Hadjidakis

Manos Hadjidakis (23 Okutobala 1925 – 15 Juni 1994) anali wopeka nyimbo komanso woimba piyano wa ku Greece, dziko lomwe lili kum'mwera kwa chigawo cha Balkan ku Ulaya. Dzina lake limalembedwanso kuti Hatzidakis. Anapeka nyimbo za m'mafilimu, za m'zisudzo, za magule komanso nyimbo wamba zoti anthu azimvera pa wailesi ndi pa zimbale. Kunja kwa dziko lake amadziwika kwambiri ndi nyimbo ya mufilimu yotchedwa Never on Sunday, yomwe inam'pezetsa mphoto ya Oscar m'chaka cha 1961. Kwawo ku Greece amakumbukiridwa pa zinthu zina zomwe iye mwini ankaziona kuti n'zofunika kuposa mphotoyo. Anali m'modzi mwa anthu ophunzira oyamba kuikira kumbuyo poyera nyimbo za rebetiko, zomwe zinkanyozedwa kuti n'za anthu osauka ndi zigawenga. Anagwiranso ntchito ndi gulu loimba nyimbo za rock ku New York, ndipo pambuyo pake anayendetsa wailesi ya boma yomwe inatulutsa oimba ambiri achinyamata.

Iye pamodzi ndi Mikis Theodorakis amatengedwa kuti ndi omwe anakhazikitsa mtundu wa nyimbo wotchedwa entechno, womwe umaphatikiza maimbidwe a anthu wamba a ku Greece, ndakatulo za alakatuli otchuka ndi luso la nyimbo zophunziridwa kusukulu.

Ubwana wake

Hadjidakis anabadwira mumzinda wa Xanthi, kumpoto chakum'mawa kwa Greece, pafupi ndi malire a dziko la Bulgaria. Pa nthawiyo mzindawu unali wotchuka ndi malonda a fodya, ndipo munkakhala Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Bambo ake, Georgios Hadjidakis, anali loya wochokera pachilumba cha Crete. Mayi ake, Aliki Arvanitidou, anali ochokera mumzinda wa Adrianople, womwe lero uli m'dziko la Turkey ndipo umatchedwa Edirne.

Anayamba kuphunzira piyano ali ndi zaka zinayi kwa mphunzitsi wina wa mtundu wa Chiameniya, Anna Altounian. Anaphunziranso vayolini ndi akodiyoni. Makolo ake atasiyana, iye anasamukira ku Athens ndi mayi ake m'chaka cha 1932. M'chaka cha 1938 bambo ake anamwalira pa ngozi ya ndege, ndipo banjalo linatsala lopanda wolithandiza.

Umphawi wa banjalo unakula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba. Asilikali a Germany, Italy ndi Bulgaria analanda dziko la Greece m'chaka cha 1941, ndipo m'nyengo yozizira ya 1941 mpaka 1942 mumzinda wa Athens munagwa njala yomwe inapha anthu ambirimbiri. Kuti apeze chakudya, Hadjidakis anagwira ntchito zosiyanasiyana. Ankatsitsa katundu padoko la Piraeus, anagulitsa madzi oundana a kufakitale ya mowa ya Fix, anagwirako ntchito kwa wojambula zithunzi, komanso anali wothandizira anamwino pachipatala cha asilikali. Pa nthawi yomweyo ankaphunzira malamulo a kapekedwe ka nyimbo kwa Menelaos Pallandios. Anayambanso maphunziro a filosofi ku yunivesite ya Athens koma sanawamalize.

M'zaka za nkhondozo analowa gulu la achinyamata lotchedwa EPON, lomwe linkalimbana ndi ulamuliro wa adaniwo, ndipo kumeneko anadziwana ndi Mikis Theodorakis, yemwe anabadwa naye chaka chimodzi. Anadziwananso ndi alakatuli Nikos Gatsos, Odysseas Elytis, Giorgos Seferis ndi Angelos Sikelianos, komanso wojambula zithunzi za pamanja Yannis Tsarouchis. Mwa onsewa, Gatsos ndiye anakhala mnzake wapamtima. Iye ndi amene analemba mawu a nyimbo zambiri za Hadjidakis mpaka pomwe anamwalira m'chaka cha 1992.

Ntchito zoyamba m'zisudzo

Hadjidakis anayamba kudziwika kudzera m'zisudzo. M'chaka cha 1944 anapeka nyimbo za sewero la Alexis Solomos, lomwe linaonetsedwa ndi gulu la zisudzo la Theatro Technis lotsogoleredwa ndi Karolos Koun. Anagwira ntchito ndi Koun kwa zaka pafupifupi 15. Gululi linkaonetsa masewero atsopano a kunja atamasuliridwa m'Chigiriki, monga a Federico García Lorca wa ku Spain ndi a Tennessee Williams wa ku America. Pa sewero la Williams lotchedwa A Streetcar Named Desire, lomwe linaonetsedwa m'chaka cha 1949, Hadjidakis anapeka nyimbo ya Hartino to fengaraki, yomwe mawu ake analemba ndi Gatsos ndipo anaiimba ndi mtsikana wa zisudzo Melina Mercouri. Nyimboyi ikuimbidwabe ku Greece mpaka lero.

Filimu yoyamba yomwe anaipekera nyimbo inali Adoulotoi sklavoi ya m'chaka cha 1946. Cha m'ma 1950 iye ndi katswiri wa magule Rallou Manou anayambitsa gulu la Elliniko Chorodrama, lomwe linkaonetsa magule a ballet otengedwa ku nthano ndi miyambo ya ku Greece. Anapekanso nyimbo za masewero akale kwambiri a Agiriki, monga Medea wa Euripides ndi Lysistrata wa Aristophanes.

M'chaka cha 1959 Koun anaonetsa sewero lina la Aristophanes lonena za mbalame, lotchedwa Ornithes, m'bwalo lakale la Herodes Atticus m'munsi mwa phiri la Acropolis. Nyimbo zake anapeka ndi Hadjidakis. Ena mwa oonerera anakwiya ndi gawo lina lomwe ankaliona ngati lonyoza mapemphero a tchalitchi cha Orthodox, ndipo boma linaletsa kuti sewerolo lionetsedwenso. Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1962, sewero lomwelo linapata mphoto pa chikondwerero cha zisudzo cha mayiko osiyanasiyana ku Paris.

Kuikira kumbuyo nyimbo za rebetiko

Rebetiko ndi nyimbo zomwe zinakulira m'madera a anthu osauka a m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja, makamaka Piraeus ndi Thessaloniki. Zinafala kwambiri pambuyo pa chaka cha 1922, pomwe Agiriki oposa miliyoni imodzi anathawa kapena kusamutsidwa kuchokera ku Turkey n'kudzakhala m'zisakasa m'mphepete mwa mizindayi. Zida zake zazikulu ndi bouzouki, chida cha zingwe chokhala ndi khosi lalitali, ndi baglamas, chomwe n'chofanana nacho koma chaching'ono. Mawu a nyimbozi ankanena za umphawi, chikondi, ndende, kusowa kwawo komanso kusuta chamba.

Chifukwa cha zimenezi rebetiko inkanyozedwa kuchokera mbali zonse. Anthu olemera ndi ophunzira ankati ndi nyimbo za m'malo omwera mowa ndiponso zotsalira za ulamuliro wa Turkey. Boma la Ioannis Metaxas, lomwe linayamba kulamulira mu 1936, linaletsa kujambula nyimbo zotchula chamba ndi zina zotero. Ambiri a chipani cha chikomyunizimu nawonso sankazifuna, poganiza kuti zimafooketsa anthu ogwira ntchito m'malo mowalimbikitsa.

Pa 31 Januwale 1949, nkhondo yapachiweniweni ya ku Greece isanathe, Hadjidakis anakamba nkhani yokhudza rebetiko pamaso pa anthu ophunzira a mu Athens ku Theatro Technis. Anali ndi zaka 23 zokha. Anafotokoza kuti nyimbozi zili ndi mizu m'nyimbo za tchalitchi za nthawi ya Byzantium komanso m'nyimbo za kumidzi, ndipo anaunika kaimbidwe ka magule ake awiri akuluakulu, zeibekiko ndi hasapiko. Anaitananso oimba rebetiko awiri, Markos Vamvakaris ndi Sotiria Bellou, kuti aimbe pamaso pa anthuwo. Ambiri anadabwa ndipo ena anamudzudzula, koma tsikuli limatengedwa kuti ndi pomwe maganizo a anthu ophunzira pa rebetiko anayamba kusintha.

Pofuna kusonyeza zomwe ankatanthauza, anatenga nyimbo zisanu ndi imodzi za rebetiko n'kuzikonza kuti ziziimbidwa pa piyano, ndipo zinagwiritsidwa ntchito pa gule wa ballet wa gulu la Rallou Manou. M'chaka cha 1962 anatulutsa chimbale cha nyimbo za rebetiko zokonzedwa kuti ziimbidwe ndi gulu la zida zosiyanasiyana. M'chaka cha 2017, patapita zaka 23 iye atamwalira, bungwe la UNESCO linaika rebetiko pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse.

Nyimbo za m'mafilimu a ku Greece

M'zaka za m'ma 1950 ntchito yopanga mafilimu inakula mofulumira ku Greece, ndipo Hadjidakis anakhala m'modzi mwa opeka nyimbo omwe ankafunidwa kwambiri. M'chaka cha 1955 anapeka nyimbo za filimu ya Stella yotsogoleredwa ndi Michael Cacoyannis. Iyi inali filimu yoyamba ya Melina Mercouri, yemwe anasewera ngati mayi woimba m'malo achisangalalo amene akukana kukwatiwa pofuna kusunga ufulu wake. Nyimbo za mufilimuyi zinagwiritsa ntchito bouzouki, ndipo filimuyo inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France. Chaka chotsatira anapeka nyimbo za filimu ya O Drakos ya Nikos Koundouros, yomwe itangotuluka anthu sanaikonde koma lero imawerengedwa pakati pa mafilimu abwino kwambiri a ku Greece.

Anapekanso nyimbo zambiri zopepuka za mafilimu a nthabwala ndi achikondi a kampani ya Finos Film, makamaka omwe munkasewera Aliki Vougiouklaki, monga Madalena ya m'chaka cha 1960. Nyimbo zimenezi zinkaimbidwa m'nyumba ndi m'misewu m'dziko lonse, ndipo ndi zomwe zinamupatsa ndalama zoti azikhala moyo wosavutika. Komabe iye sankaziwerengera pakati pa ntchito zake zofunika.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kugwira ntchito ndi woimba wachitsikana Nana Mouskouri. M'chaka cha 1959 Mouskouri anapambana mphoto yoyamba pa mpikisano wa nyimbo za Chigiriki ndi nyimbo ya Hadjidakis. M'chaka cha 1961 anaimba m'Chijeremani nyimbo ina yomwe Hadjidakis anakonza, yotchedwa Weiße Rosen aus Athen, ndipo zimbale zake zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Nyimboyi ndi yomwe inatsegulira Mouskouri njira yoimba m'mayiko a ku Ulaya.

M'chaka cha 1960 Hadjidakis anakonza ndi kutsogolera kujambula kwa Epitaphios, nyimbo zomwe Theodorakis anapeka pa ndakatulo ya Yannis Ritsos, ndipo anaziimba ndi Mouskouri. Theodorakis anazijambulanso yekha ndi woimba Grigoris Bithikotsis komanso bouzouki ya Manolis Chiotis. Zimbale ziwirizi zinayambitsa mtsutso waukulu wa momwe ndakatulo ziyenera kuimbidwira, ndipo anthu anagawikana, ena kumbali ya Hadjidakis ena kumbali ya Theodorakis. Awiriwa ankasiyananso pa ndale, popeza Theodorakis anali wa chikomyunizimu pomwe Hadjidakis anali mnzake wa Konstantinos Karamanlis, mtsogoleri wa mbali inayo. Ngakhale zinali choncho, anakhalabe paubwenzi.

Never on Sunday ndi mphoto ya Oscar

Filimu ya Never on Sunday inatuluka m'chaka cha 1960. Anaitsogolera ndi Jules Dassin, wa ku America yemwe anachoka ku Hollywood atamanidwa ntchito pomuganizira kuti ndi wa chikomyunizimu. Nkhani yake ndi ya Ilya, mayi woyendayenda wa padoko la Piraeus, ndi Homer, mlendo wochokera ku America yemwe akufuna kumusintha pomuphunzitsa nzeru za Agiriki akale. Melina Mercouri ndiye anasewera ngati Ilya, ndipo Dassin mwini anasewera ngati Homer. Mercouri anapata mphoto ya mayi wosewera bwino pa chikondwerero cha Cannes chaka chomwecho.

Nyimbo yaikulu ya mufilimuyi imatchedwa Ta pedia tou Pirea, kutanthauza ana a ku Piraeus. Hadjidakis anapeka nyimboyo ndi mawu ake omwe. Pa 17 Epulo 1961 inapambana mphoto ya Oscar ya nyimbo yabwino kwambiri yopekedwera filimu, ndipo inali nyimbo yoyamba ya m'chinenero china osati Chingerezi kupata mphotoyi. Hadjidakis sanapite ku mwambo wolandira mphotoyo ku America.

Nyimboyi inafalikira mofulumira m'mayiko ambiri. Ku America inaimbidwa ndi gulu la Don Costa komanso la The Chordettes, ku France ndi Dalida, ndipo ku Germany ndi Lale Andersen. Kwa anthu ambiri akunja, kulira kwa bouzouki kunakhala chizindikiro cha dziko la Greece, ndipo alendo odzaona malo ankayembekezera kumva nyimboyi paliponse pomwe afika.

Kutchuka kumeneku sikunamusangalatse Hadjidakis. Kwa zaka zambiri ankanena poyera kuti nyimboyi anaipekera gawo limodzi la filimu, ndipo sinali yoyenera kukhala dzina lake padziko lonse. Chomwe chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti bouzouki, yomwe iye anaimenyera nkhondo kuti ilemekezedwe, inasanduka chida chosangalatsira alendo ndi anthu olemera m'malo a usiku. Ntchito zambiri zomwe anachita pambuyo pa 1961 zikusonyeza munthu yemwe ankafuna kutalikirana ndi mbiri yoteroyo.

Mafilimu a kunja ndi nyimbo zamakono

Mphoto ya Oscar inachititsa kuti opanga mafilimu a kunja ayambe kumufuna. M'chaka cha 1963 anapeka nyimbo za filimu ya America America ya Elia Kazan, yonena za mnyamata wa Chigiriki wa ku Anatolia yemwe akuvutika kuti akafike ku America. Nkhaniyi Kazan anaitenga pa moyo wa m'bale wake. M'chaka cha 1964 anapeka nyimbo za Topkapi, filimu ina ya Dassin yonena za akuba omwe akufuna kuba mpeni wamtengo wapatali m'nyumba yachifumu ya ku Istanbul.

Ndalama zina zomwe ankapeza anazigwiritsa ntchito pothandiza nyimbo zomwe sizinkagulitsidwa. M'chaka cha 1962 analipira mpikisano wa opeka nyimbo zamakono ku Athens, ndipo m'modzi mwa opambana anali Iannis Xenakis, yemwe pambuyo pake anatchuka kwambiri ku Ulaya. M'chaka cha 1964 anayambitsa gulu la oimba ndi zida lomwe linkaimba ntchito zatsopano za opeka nyimbo a ku Greece. Mu 1962 anaonetsanso sewero loimba lotchedwa Odos Oneiron, momwe munasewera Dimitris Horn.

M'chaka cha 1965 anajambula ku New York chimbale cha To hamogelo tis Tzokontas, chomwe dzina lake likunena za kumwetulira kwa mayi wa pachithunzi cha Mona Lisa. Chili ndi nyimbo khumi zopanda mawu, ndipo anachijambula mothandizidwa ndi Quincy Jones. Chimbalechi n'chimodzi mwa ntchito zake zomwe zimakondedwa kwambiri ku Greece.

Zaka za ku America ndi nyimbo za rock

M'chaka cha 1966 Hadjidakis anapita ku New York kukakonza sewero loimba la Illya Darling, lotengedwa pa filimu ya Never on Sunday. Sewerolo linayamba kuonetsedwa ku Broadway mu Epulo 1967, Melina Mercouri akuseweranso ngati Ilya. Patangopita masiku ochepa, pa 21 Epulo 1967, asilikali analanda boma ku Greece. Boma latsopanolo linaletsa nyimbo za Theodorakis n'kumumanga, ndipo linalanda Mercouri unzika wake chifukwa cholidzudzula. Hadjidakis anakhalabe ku America mpaka chaka cha 1972.

Ali kumeneko anapeka nyimbo za filimu ya Blue ya m'chaka cha 1968, momwe munasewera Terence Stamp. Analinso ndi chidwi ndi nyimbo za rock, zomwe pa nthawiyo zinali pachimake pakati pa achinyamata a ku America. Anakumana ndi gulu lotchedwa New York Rock & Roll Ensemble. Atatu mwa anyamata a m'gululi anali ophunzira pasukulu ya nyimbo ya Juilliard, ndipo pa magitala ndi ng'oma za rock ankawonjezerapo zida zomwe nthawi zambiri zimaimbidwa m'nyimbo za classical, monga oboe ndi cello.

Hadjidakis anapeka nyimbo, anyamatawo n'kulemba mawu a Chingerezi ndi kuziimba, ndipo chimbale chawo chotchedwa Reflections chinatuluka m'chaka cha 1970. Ku America sichinagulidwe kwambiri, koma ku Greece chinakondedwa ndipo chikumveredwabe. Nyimbo yake yotchuka kwambiri ndi Kemal, yomwe pambuyo pake Gatsos anailembera mawu a Chigiriki. M'chaka cha 1993 chimbale chonsecho chinatulukanso m'Chigiriki choimbidwa ndi Aliki Kayaloglou, ndipo m'zaka za m'ma 2000 gulu la rock la ku Patras lotchedwa Raining Pleasure linachijambulanso m'Chingerezi.

Awiri mwa anyamata a New York Rock & Roll Ensemble anasiya rock n'kukhala opeka nyimbo za m'mafilimu. Michael Kamen anapeka nyimbo za mafilimu a Lethal Weapon, Die Hard ndi Robin Hood: Prince of Thieves. Martin Fulterman, yemwe anasintha dzina n'kukhala Mark Snow, ndiye anapeka nyimbo ya pulogalamu ya pa TV ya The X-Files.

Kubwerera ku Greece

Hadjidakis anabwerera kwawo m'chaka cha 1972, asilikali akulamulirabe. Chaka chomwecho anatulutsa O Megalos Erotikos, chimbale cha nyimbo zachikondi zopekedwa pa ndakatulo za nthawi zosiyanasiyana za mbiri ya Agiriki: za Sappho ndi Euripides a m'nthawi zakale, gawo la Nyimbo ya Solomo ya m'Baibulo, ndi za alakatuli a m'zaka zaposachedwa monga Dionysios Solomos, Constantine Cavafy, Elytis ndi Gatsos. Anaziimba ndi Fleury Dantonaki ndi Dimitris Psarianos. Anthu ena anamudzudzula kuti akuimba za chikondi pa nthawi yomwe dziko linali muukapolo wa asilikali, koma lero ambiri amachitenga kuti ndi chimbale chake chopambana zonse.

M'chaka cha 1973 anatsegula malo ang'onoang'ono oimbirako otchedwa Polytropon m'dera la Plaka ku Athens. M'chaka cha 1974 anapeka nyimbo za Sweet Movie, filimu ya Dušan Makavejev wa ku Yugoslavia, yomwe inaletsedwa m'mayiko angapo chifukwa cha zithunzi zake ndi momwe inkanyozera maulamuliro. Mu 1976 anatulutsa chimbale cha Athanasia pamodzi ndi Gatsos.

Wailesi ya Trito Programma

Ulamuliro wa asilikali unagwa mu Julayi 1974, ndipo Karamanlis anabwera kuchokera ku Paris kudzakhala nduna yaikulu. Boma lake linapatsa Hadjidakis maudindo angapo. Anakhala m'modzi mwa akuluakulu a nyumba ya opera ya dzikolo, mtsogoleri wa gulu la boma la oimba ndi zida la ku Athens, komanso mkulu wa Trito Programma, wailesi yachitatu ya boma. Udindo wa pawailesiwu anaugwira kuyambira 1975 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Hadjidakis asanafike, wailesiyi inkangoulutsa nyimbo za classical kwa maola ochepa ndipo inali ndi omvera ochepa. Iye analemba ntchito achinyamata ambiri, opeka nyimbo, alakatuli ndi a zisudzo, n'kuwapatsa ufulu wopanga mapulogalamu awo. Pawailesipo panayamba kumveka nyimbo za kumidzi, jazz, rock, ndakatulo, masewero ndi nyimbo za mayiko ena. Pulogalamu yomwe imakumbukiridwa kwambiri ndi Edo Lilipoupoli, ya ana, yomwe inayamba mu 1976. Inkanena za mzinda wongopeka, ndipo akuluakulu nawonso ankaimvera chifukwa inkaseka zochita za andale. Mwa omwe anayambira pa pulogalamuyi ndi opeka nyimbo Lena Platonos, Nikos Kypourgos ndi Dimitris Maragopoulos, komanso woimba Savina Yannatou.

Hadjidakis mwini anali ndi pulogalamu yake yomwe ankaperekapo ndemanga pa zochitika za m'dziko. Ankadzudzula nduna za boma, apolisi, manyuzipepala ndi anthu okonda dziko lawo monyanyira, ngakhale kuti boma lomwe linamulemba ntchito linali la mnzake. Zimenezi zinamuyambanitsa kangapo ndi akuluakulu a boma ndi a wailesi. Ndemangazo zinasonkhanitsidwa n'kusindikizidwa m'buku.

M'zaka zomwezo anakonza zikondwerero za nyimbo kunja kwa Athens, m'mudzi wa Anogeia pachilumba cha Crete ndiponso pachilumba cha Corfu, komwe kunkachitika mpikisano wa opeka nyimbo achinyamata.

Zaka zomaliza ndi imfa yake

Atachoka ku wailesi, Hadjidakis anapitiriza ntchito yomweyo ndi ndalama zake. M'chaka cha 1985 anayambitsa magazini ya Tetarto komanso kampani yojambula nyimbo ya Seirios, yomwe cholinga chake chinali kutulutsa oimba omwe makampani akuluakulu sankawafuna. M'chaka cha 1989 anayambitsa gulu la oimba ndi zida lotchedwa Orchistra ton Chromaton, kutanthauza gulu la mitundu yosiyanasiyana ya utoto, ndipo ankalitsogolera yekha. Gululi linkaimba ntchito zomwe sizinkamveka kawirikawiri ku Greece, za opeka a m'dzikolo ndi akunja omwe.

Mu Febuluwale 1993 anatsogolera gululi komaliza pa konsati yotsutsa kuyambiranso kwa maganizo a chipani cha Nazi ku Ulaya. Pa nthawi yomweyo analemba nkhani yochenjeza kuti tsankho lotere silichokera kwa anthu achilendo okha, koma limatha kumera mwa munthu aliyense ngati maphunziro sakumuphunzitsa kuganiza payekha. Nkhaniyi inawerengedwanso kwambiri ku Greece m'zaka za m'ma 2010, pomwe chipani cha Golden Dawn chinalowa m'nyumba ya malamulo.

Thanzi lake linali litafooka chifukwa cha matenda a mtima. Anamwalira ku Athens pa 15 Juni 1994 ali ndi zaka 68, m'mapapo mwake mutadzaza madzi. Melina Mercouri anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo, mu Malichi chaka chomwecho. Hadjidakis anaikidwa m'manda ku Paiania, kum'mawa kwa Athens.

Zomwe anasiya

Nyimbo za Hadjidakis zimadziwika ndi kufatsa kwake komanso kaphatikizidwe ka zida. Ankakonda kuika bouzouki pamodzi ndi piyano, gitala, mandolini ndi zeze wa ku Ulaya wotchedwa harp, ndipo ankafuna kuti woimba atchule mawu a ndakatulo momveka bwino popanda kukuwa. Kapekedwe kameneka kanatsatiridwa ndi opeka nyimbo ambiri a ku Greece omwe anabwera pambuyo pake.

Mbiri yake kunja ndi kwawo imasiyana mpaka pano. M'mayiko ambiri dzina lake limatchulidwa pa nyimbo imodzi ya mufilimu ya 1960. Ku Greece, ana asukulu amaphunzira nyimbo zomwe anapeka ndi Gatsos, zimbale za To hamogelo tis Tzokontas, Reflections ndi O Megalos Erotikos zikugulitsidwabe, ndipo nkhani yomwe anakamba mu 1949 imatchulidwa m'mabuku ofotokoza mbiri ya rebetiko. Nyumba yomwe anabadwiramo ku Xanthi inakonzedwanso ndipo imagwiritsidwa ntchito ngati malo ochitirako za luso ndi chikhalidwe.